Chala cha Bi Mwanakombo

Mzee Shemdoe, wapampando wa msika wathu, ndi munthu amene amakhulupirira kuti chabwino chilichonse chofika mu Tanga chimadzera m'manja mwake. Mvula ikagwa pa nthawi yake, amayenda pakati pa mabenchi akugwedeza mutu ngati anachita kukaipempha yekha. Ndiye tangoganizani mmene anayendera tsiku limene kampani ina inadzakhoma timabokosi toyera pamizati ya msika n'kulengeza kuti tsopano tili ndi wayifayi yaulere. Anavala mkanjo wa Lachisanu pa Lachiwiri, n'kuima pansi pa makwerero kumalozera amisiri pokhoma msomali, iye amene ngakhale kukweza mawu a foni yake amachita kuitana mkazi wake.

Ine ndimasoka zovala. Makina anga ali pachipata cha kunsomba, moyandikana ndi benchi ya Bi Mwanakombo, mayi wachikulire wopala kokonati. Malo amenewo ndi abwino kuposa onse mumsika, chifukwa wogula nsomba aliyense amatulukira pamenepo, ndipo m'tauni muno nsomba yopanda kokonati amadya ndi odwala okha. Benchiyo ndi imene inkalipira kachipinda kawo, ndi imene inkadyetsa iwo ndi mkulu wawo wosaona amene ankamusiya pamkeka m'mawa uliwonse. Kunja kwa mpanda kulibe malonda a munthu wokalamba. Kumeneko kumafuna miyendo yothawira asilikali a khonsolo. Msika wonse unkawatchula shangazi, ndiye kuti azakhali, ngakhale panalibe ndi mmodzi yemwe amene anali mwana wa mlongo wawo.

Poyamba wayifayi ija inalibe chitseko. Aliyense wokhala ndi foni ankangolowa, ndipo tauni yonse inasamukira kwa ife. Abodaboda, akabaza a njinga zamoto aja, anasiya siteji yawo n'kudzandanda pampanda, mitu pansi, kuonera mpira wadzulo. Kunabwera makalaliki a kudoko, kunabwera bambo wina wa tayi amene ankaimika galimoto pachipata, osatsika, osagula ngakhale tomato mmodzi. Ife eni ake tikafuna kutumizira kasitomala chithunzi cha diresi, kanthu kaja kankangozungulira mpaka kasitomala kukasoketsa kwina. Kenako kunabwera mbava zanzeru. Wina anatsegula wayifayi yakeyake n'kuipatsa dzina lofanana ndi yathu, ndipo Hatibu wogulitsa nyama analowamo mosadziwa. Pofika madzulo abale ake mpaka a ku Pemba anali atalandira uthenga wa maliro a mayi ake, pamene mayiwo anali pakhonde kusankha mpunga.

Apo m'pamene wapampando analamula kuti wayifayi itetezedwe. Kampani inatumiza bambo wina wa ku Dar es Salaam, dzina lake Lyimo, wa nsapato zosongoka ndi kompyuta ya m'chikwama. Anatisonkhanitsa pashedi ya anyezi n'kutilankhula pang'onopang'ono ngati tonse ndife ogontha.

"Kuyambira lero palibe zongolowa chilowelowe. Ukafuna kulowa, ulemba nambala yako ya foni. Ife tikutumizira uthenga wa manambala achinsinsi, ulemba amenewo, basi walowa. Patsamba loyamba takuikiraninso malo oti muziikapo zithunzi za malonda anu, aliyense wolowa aziona. Makina athu amakumbukira kuti chithunzi chakuti anaika ndi nambala yakuti. Ndipo poti layini iliyonse m'dziko muno inalembetsedwa ndi chala cha mwini wake, nambala ndi munthu. Wochita zopusa tidzamudziwa ndi dzina."

Anapukuta magalasi ake n'kuwonjezera kuti, "Koma ndikuchenjezeni. Tikadzamva kuti muno anthu akulowa ndi nambala za mayina a eni, timabokosi tathu tidzazula tsiku lomwelo. Kampani siingateteze anthu osawadziwa."

Wapampando sakanalola kuti mlendo akhale womaliza kulankhula. Anaimirira n'kukonza chipewa. "Mwamva, ndugu zanga, abale anga? Chitetezo chafika. Ndipo ine ndikuika lamulo la msika pamwamba pake: wogwiritsa ntchito wayifayi imeneyi molakwika, benchi yake watayanso."

Anthu anaomba m'manja. Ndinawayang'ana mmodzimmodzi akuomba, chifukwa aliyense pashedi ija kupatula Lyimo ankadziwa kuti mumsika wathu nambala si munthu. Pafupifupi theka la malayini a muno linalembetsedwa ndi chala chimodzi.

Zinayamba pamene boma linalamula kuti layini iliyonse ilembetsedwe ndi chiphaso cha unzika komanso chidindo cha chala. Chiphasocho kuti uchipeze unkayenera kutseka malonda n'kukaima pamzere padzuwa, kubwezedwa, kubwereranso. Ine ndinapirira mpaka ndinatenga changa. Ambiri anati alibe nthawi. Bi Mwanakombo chiphaso anali nacho kale, ndiye anthu anayamba kubwera. "Shangazi, tandibwerekani chala, layini yanga akufuna kuitseka." Iwo ankapukuta dzanja pachitenje, n'kunyamuka kupita pa ambulera ya wolembetsa malayini. Wolembetsayo anali ndi njira zake. Ankangoti, "Netiweki yavuta, mama, dindaninso," ndipo ankadindanso.

Anabwereka Hatibu. Anabwereka Mama Saumu wa tomato, pamodzi ndi ana ake aakulu. Anabwereka onyamula katundu, ophika tiyi, ogulitsa makala. Enanso ziphaso anali nazo, koma ankafuna layini yachiwiri imene akunyumba saidziwa, ndipo amenewo ankabwera mochita kunong'ona. Malipiro ake anali "Mulungu akudalitseni" ndi kapu ya tiyi nthawi zina.

Ndinawauzapo. "Shangazi, chala si mchere ayi. Mchere akabwereka umathera mumphika. Ichi chidzakubwererani."

"Iwe Mwanahawa, mtima wako n'ngouma ngati chikamba cha kokonati," anandiyankha akuseka. "Munthu akulira kuti sangalankhule ndi mwana wake, ine ndim'mane chala? Chikuchepa kodi?"

Chitetezo chija chinagwiradi ntchito kwa kanthawi, ndisanamizire. Abodaboda ambiri anatopa ndi zolembalemba n'kubwerera kusiteji, bambo wa tayi anasowa, zithunzi zanga zinayamba kupita. Wapampando ankalandira alendo ochokera m'misika ina n'kumawaonetsa timabokosi tija ngati ndi ana ake amene anakhoza mayeso.

Ndiye m'mawa wina tikulowa, patsamba loyamba, pakati pa mwendo wa mbuzi wa Hatibu ndi nthochi za munthu wina, panali wapampando. Anali atagona chagada pamkeka mu ofesi ya msika atadya nkhomaliro, malaya atakwera, mimba pamtunda, kukamwa yasa, ntchentche itatera pamlomo. Pansi pake panalembedwa kuti: "Wapampando ali kalikiliki kukonza zimbudzi za msika."

Ndinaseka mpaka ndinadzibaya singano. Anaseka aliyense, chifukwa zimbudzizo zinatsekeka kalekale ndipo fungo lake ndi limene linkatiuza kumene mphepo ikuchokera. Pomwe Lyimo ankachichotsa chithunzicho, chinali chitafika kale m'mafoni a tauni yonse. Kumzikiti anzake a wapampando anayamba kumupatsa moni womufunsa ngati wagona bwino, masanasana.

Lyimo anabweranso ndi kompyuta yake, n'kupeza nambala imene inaika chithunzi, n'kufufuza dzina lake. Pofika masana, uthenga unafika pabenchi yoyandikana ndi yanga: Bi Mwanakombo adzayankhe mlandu pamaso pa amalonda onse mawa likapendeka dzuwa.

Anangoti kukamwa pululu, kokonati ali m'manja. Foni yawo inali kaja ka mabatani, komanga ndi mphira, kopanda chojambulira. Kuwerenga sankadziwa. Akafuna kuimbira munthu ndinkawapezera ndine dzina lake.

"Akuti ndajambula Mzee Shemdoe?" anandifunsa. "Ndi chiyani, ndi chopalira ichi?"

"Musadandaule, shangazi. Msika wonse ukudziwa kuti si inu."

Ndinalankhula ngati mwana. Ndinatseka makina n'kuyamba kuzungulira mabenchi, kuti anthu agwirizane mawa adzanene zoona. Ndinayambira kwa Hatibu. Anandimvetsera akunola mpeni, maso ali pa mpeniwo.

"Dada, mlongo wanga, nkhani imeneyi njovuta. Ine shangazi ndimawakonda ngati mayi anga."

"Mayi ako aja anamwalira pafoni aja?"

"Usatero iwe. Taganiza, ndikaimirira n'kunena kuti layini yanga ili pachala chawo, ndadzipereka ndekha. Akanditsekera layini, oda za mahotela zidzera kuti? Ndiponso wamumva Lyimo. Akazula timabokosi, anthu adzati Hatibu ndiye watiphera wayifayi."

Mama Saumu ndiye analira misozi yeniyeni, yotsikira mpaka pachibwano. "Mayi wabwino ngati amene uja! Anthu n'ngoipa, Mwanahawa, anthu n'ngoipa."

"Ndiye mawa mudzayankhula?"

Misozi inaima pomwepo ngati watseka mpopi. "Ine? Aa, ine shuga wanga salola zoimirira pagulu. Koma ndiwapempherera."

Kwa ena onse zinali zomwezo. Wina anati achikulire sangawachotse, n'zongowaopseza. Wina anati iye si wandale. Wina anandifunsa ngati diresi la mkazi wake latha. Anthu amene anayenda ndi mayi uja pa dzuwa kupita pa ambulera, atam'gwira dzanja ngati mkwatibwi, tsopano ankadutsa pachipata cha kunsomba atatembenuzira khosi kumbali, ndipo tsiku limenelo ambiri anaphika nsomba yopanda kokonati.

Msonkhano unachitikira pashedi ya anyezi pomwe paja. Kutsogolo kunali tebulo, wapampando ndi Lyimo atakhala pamipando. Bi Mwanakombo anawakhazika pabokosi la sopo pambali. Anavala chitenje chawo chatsopano, ngati akupita ku ukwati. Pamzere woyamba panakhala akomiti ndi Zuhura, mkazi wamng'ono wa wapampando, amene ankagulitsa lubani ndi mafuta onunkhira pa katebulo ka kungodya ya kuseri, kufupi ndi zimbudzi zija. Anali ataphimba nkhope theka, monga mkazi amene mwamuna wake wachititsidwa manyazi.

Wapampando analankhula nthawi yaitali za ulemu. Anati si iye amene wanyozedwa koma mpando. Anati iye payekha ndi munthu wokhululuka, aliyense akudziwa, koma lamulo likapindika lero mawa lithyoka. Kenako anapereka mpata kwa Lyimo, amene anatsegula kompyuta n'kuwerenga nambala ija mokweza, pang'onopang'ono monga mwa chizolowezi chake. Ine ndinali nditatulutsa foni pansi pa mpango, ndipo iye akamawerenga ine ndinkalemba.

"Nambala imeneyi inalembetsedwa m'dzina la Mwanakombo Hamisi," anamaliza motero.

Ndinaimirira. "Mzee, ndifunseko. Mayi awa foni yawo mwaiona?"

"Khala pansi, Mwanahawa, sunapatsidwe mpata."

"Shangazi, aonetseni foni." Anaitulutsa pa mfundo ya chitenje n'kuikweza m'mwamba, mphira wake ali lendelende. Ena anayamba kuseka koma anadzigwira. "Imeneyi ndi imene yakujambulani? Mayi amene sadziwa kulemba dzina lawo ndi amene alemba za zimbudzi?"

"Foni munthu amabwereka," anatero wapampando. "Olemba amapezeka. Ife sitikuweruza foni, tikuweruza dzina. Makina atipatsa dzina. Kapena ukufuna kunena kuti makina a kampani ndi abodza? Kapena ukufuna kuuza a Lyimo kuti mumsika mwanga muli anthu oyenda ndi malayini a mayina a eni?" Anatembenukira kwa anthu. "Alipo? Ngati alipo aimirire, a Lyimo amuone."

Palibe anaimirira. Hatibu ankayang'ana zikhadabo zake. Mama Saumu anatseka maso, milomo ikuyenda, kupemphera kuja anandilonjeza.

Mtima unandipsa mpaka m'makutu. "Chabwino. Poti nambala ndi munthu, tiyeni timuitane munthuyo." Ndinakweza foni yanga kuti onse aione n'kudina.

Kwa kanthawi panalibe kanthu, ndipo ndinaopa kuti mwiniwake anali ndi nzeru zoizimitsa. Kenako nyimbo ya taarabu inayamba, yokoma bwino, mayi wina akudandaula za chikondi. Sinkachokera pa mfundo ya chitenje cha Bi Mwanakombo. Inkachokera pamzere woyamba, m'chikwama cha golide chimene chinali pamiyendo pa Zuhura.

Ndimaganiza kuti anthu ndimawadziwa, koma zimene ndinaona apo zinandiphunzitsa. Palibe anatembenuka. Anthu odzaza shedi, aliyense akumva, aliyense akudziwa chikwama chimene chikuimba, koma makosi onse anauma kuyang'ana kutsogolo. Amene anakhala moyandikana ndi Zuhura anayamba kuchita chidwi ndi malata a denga. Zuhura anakanikiza chikwama pamimba ndi manja onse awiri, nyimbo n'kumamveka ngati ikuchokera pansi pa bulangeti, koma inkamvekabe. Ndinadula n'kuimbanso, kuti pasadzapezeke wonena kuti zinangochitika mwangozi. Inayambiranso.

Wapampando anayang'ana mkazi wake. Ndinaona nkhope yake ikusintha, ndipo ndikuuzeni zoona, kwa kamphindi ndinamumvera chisoni. Munthu wadziwira pagulu zinthu ziwiri nthawi imodzi: kuti mkazi wake ali ndi layini imene iye saidziwa, ndi kuti amene anaimirira pambali pa mkeka wake n'kumujambula ntchentche ili pamlomo ndi yemwe amamuphikira. Ndinati apa basi, nkhani yatha, mayi uja apulumuka.

Wapampando anatsokomola, n'kukonza chipewa.

"Ndanena kangati kuti pamsonkhano mafoni azizimitsidwa? Tilibe mwambo ife anthu. Amene foni yake ikulira aizimitse, tipitirize."

"Mzee! Mwaimva imeneyo! Ndi nambala yomwe yawerengedwa apa!"

"Ine ndamva foni ikulira. Mafoni amalira, ndi ntchito yake. Mwina wina waimbiridwa ndi mayi ake. Iwe Mwanahawa, ukapitiriza kusokoneza msonkhano, makina akonso tiwaganizira."

Ndinatembenukira kwa Lyimo. "Bambo, inu ndinu ophunzira. Mwaona chimene chachitika."

Lyimo anali akupinda kale chingwe cha kompyuta. Anali atamvetsa zonse, nkhope yake inkaonetsa. Koma kuvomereza kukanatanthauza kubwerera ku Dar es Salaam kukauza mabwana ake kuti chitetezo chimene anachitamanda chija chimadziwa mayi mmodzi yekha mumsika monse. "Dada, ine gawo langa ndi la makina," anatero mwaulemu. "Za anthu ndi za komiti. Komanso basi yanga inyamuka posachedwa."

Wapampando anatembenukira kwa Bi Mwanakombo. Mawu ake anafewa, ngati a munthu wopempha. "Mama, tisatalikitse. Ndikufunsani funso limodzi. Layini imeneyi inalembetsedwa ndi chala cha ndani?"

Anaimirira pang'onopang'ono, atagwira bondo. Anayang'ana anthu, mzere ndi mzere. Akanatha kuloza. Akanayambira kumanzere n'kumaliza kumanja, akanatchula mayina mpaka dzuwa kulowa, timabokosi tikanazulidwa, malayini akanatsekedwa, ndipo benchi yawo ikanatsala. Ndinkawapempha ndi maso kuti atero. Anthu aja nawo ankawapempha ndi maso, koma china. Sindinaonepo nkhope zonyansa ngati zimenezo: zomvetsa chisoni, zofatsa, ngati za agalu apakhomo nthawi ya chakudya.

"Chala ndi changa," anatero.

"Basi. Mwamva nokha. Amene akuti lamulo la msika ligwire ntchito, akweze dzanja."

Manja anakwera. Sanakwere msanga, anthu athu ali ndi ulemu. Aliyense anayamba wayang'ana mnzake, kenako n'kukweza theka, chigongono chili pamimba, ngati kuti dzanja latheka ndi tchimo latheka. Hatibu anakweza akukanda mutu kuti zioneke ngati akungokanda. Mama Saumu anakweza maso ali chitsekere. Zuhura anakweza limodzi, linalo likadali pachikwama. Otsutsa ndinali ine ndi bambo wina wogontha wogulitsa madengu, amene ankaganiza kuti tikuvotera zokonza zimbudzi.

Anawapatsa mpaka mawa lake masana kuti achotse katundu.

M'mawa mwake sindinatsegule makina. Ndinawathandiza kulongedza. Panalibe zambiri: mabeseni, kampando kawo kopalira, thumba la kokonati zosasweka, sefa, ndi lona labuluu limene anamangirira pamwamba pa benchi kutchinga dzuwa. Ndinkalongedza ndikulalata.

"Tikachoka pano tipite kushopu ya mafoni. Mukadinde chala chomwecho, atseke malayini onse. Onse! Aone mmene zimakhalira."

"Ndiye mwana wa Saumu amene ali ku Arabuni kwa Aluya uja aziimbira kuti?"

"Aziimbira wapampando! Shangazi, anthu amenewa akugulitsani chifukwa cha mpira wa pafoni. Mukuwaganizirabe?"

Iwo ankamanga thumba, n'kumasula, n'kumanganso. Ndinasiya kulalata chifukwa ndinaona kuti nkhawa yawo inali pa mkulu wawo uja, amene anali asanamuuze.

Anthu ankadutsa mwakachetechete. Ena ankasiya kanthu pabenchi osanena mawu, wina anyezi, wina kapaketi ka shuga, n'kuchoka mofulumira atapepukidwa, mlandu wawo atautsuka ndi anyezi. Hatibu anatumiza mafupa a supu.

Kenako kunabwera Zuhura. Anabwera yekha, maso otupa, wopanda chikwama chija. Anagwada pambali pa mayi uja n'kuyamba kuthandiza kusanja mabeseni. Ndinaluma mlomo. Ndinati mwina mwa anthu onsewa mmodzi watsala ndi manyazi, ndimusiye apepese.

"Shangazi," ananong'ona. "Ine sindimafuna kuti zifike apa. Ndinangopsa mtima. Munthu miyezi yonseyi ndili kufungo kuja, ndikamuuza amangoti mawa, mawa."

"Ndamva, mwanangu."

"Usiku wonse sitinagone, koma tagwirizana. Wandikhululukira." Anapukuta mphuno. "Ndiye ndimati ndikupempheni kanthu kamodzi. Layini ija musakaitseketse. Makasitomala anga onse amadziwa imeneyo."

Ndinali nditanyamula sefa, ndipo Mulungu yekha ndi amene anagwira dzanja langa. "Iwe Zuhura, m'mutu mwakomo muli chiyani, lubani? Wabwera kudzapepesa kapena kudzabwerekanso?"

"Ine ndikulankhula ndi shangazi, si iwe."

"Musiye, Mwanahawa," anatero Bi Mwanakombo. "Sinditseketsa, mwanangu. Pita."

Koma sanapite. Anaimirira n'kusasa fumbi m'mawondo, maso ake akuyenda pabenchi, kuyambira uku mpaka uko, n'kufika pachipata pamene ogula nsomba ankatulukira ndi timatumba tawo. Bi Mwanakombo anakwera pa kampando, ine nditawagwira m'chiuno, n'kuyamba kumasula chingwe cha lona. Mfundo zake zinali zakale, zolimba, ndipo anamasula imodzi ndi mano.

"Aa, shangazi, lonalo musavutike nalo," anatero Zuhura. "Lisiyeni pomwepo. Mafuta onunkhira safuna dzuwa, amawonongeka."

Mayi uja anaima, chingwe chili m'manja. Anamuyang'ana Zuhura, n'kuyang'ana benchi imene anaipukuta m'mawa uliwonse kuyambira ine ndisanadziwe kulowetsa ulusi pasingano. Kenako anabwezeretsa chingwe pa msomali, n'kumanganso mfundo ija bwinobwino kuti mphepo isadzalichotse.

Anatsika, n'kusenza thumba la kokonati. Ine ndinanyamula mabeseni ndi kampando. Titatuluka pachipata anaima padzuwa, n'kuyang'ana kumanzere ndi kumanja kwa msewu.

"Mwanahawa," anatero, "asilikali a khonsolo aja amakonda kuchokera mbali iti?"